Kuthamangira masamba asanayoyoke: ulendo wa tsiku limodzi ndi kamera m'nyengo ya autumn

Kumayiko ozizira kuli masabata awiri kapena atatu pachaka pamene nkhalango imasiya kubiriwira n'kuvala chikasu, olenji ndi kufiira, kenako masamba onse n'kuyoyoka. Nyengoyi imabwera kutentha kukatha, chisanu chisanafike, ndipo amaitcha autumn. Anthu ambiri amanyamula kamera n'kupita kumatawuni ang'onoang'ono ndi kunkhalango, kupita ndi kubwera tsiku lomwelo. Ambiri mwa iwo amabwerako ndi zithunzi zogwetsa ulesi: masamba otuwa, thambo loyera mbee, msewu wodzaza magalimoto. Kawirikawiri vuto silikhala kamera. Chimalakwika ndi tsiku limene asankha, ola limene afika, komanso kuchuluka kwa malo amene akufuna kuwaona dzuwa lisanalowe.

Tiyambire patsamba penipenipo, chifukwa munthu wodziwa zimene zikuchitika m'kati mwake sataya tsiku pachabe. Usiku ukayamba kutalika, mtengo umasiya kupanga chlorophyll, mankhwala obiriwira amene tsamba limakolera kuwala kwa dzuwa. Kubiriwira kukazilala, chikasu ndi olenji zimaonekera. Mitundu iwiriyi imakhalamo kale chaka chonse, imachokera ku mankhwala otchedwa carotenoid, kungoti inkaphimbika. Kufiira n'kosiyana. Kumachokera ku anthocyanin, amene tsamba limapanga nthawi yomweyo kuchokera ku shuga wotsekeredwa m'kati pamene njira za pakhosi pa tsambalo zikutsekeka. Kuti shugayo achuluke pamafunika masana a dzuwa ndi usiku wozizira koma wosafika poumitsa madzi.

Ndiye chikasu mungachidalire chaka chilichonse, pamene kufiira kumadalira mmene nyengo yayendera. Kukachita mitambo masabata otsatizana, usiku n'kumafunda, mitengo ya maple imafiira mofooka. Kukachita chilala m'miyezi yotentha, masamba ena amauma n'kugwa ali abulawuni. Chisanu choopsa chikabwera msanga chimapha tsamba lisanasinthe mtundu. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, usiku umodzi wa mvula yamphepo ukhoza kukolola phiri lonse. Mukaona kuti masamba afika pachimake ndipo anena kuti mkuntho ukubwera Lachisanu, pitani Lachinayi. Musadikire Loweruka.

Mitengonso simasinthira pamodzi. Aspen ndi birch zimachita chikasu ndipo zimafulumira. Sugar maple imapereka olenji wopsa ndi kufiira. Oak imachedwa ndipo nthawi zambiri imathera ku bulawuni. Larch ndi yodabwitsa: ili m'gulu la mitengo ya masamba ngati singano, koma imachita chikasu n'kuyoyola singano zakezo, pamene anzake amakhalabe obiriwira. Nkhalango yosakaniza mitengo imeneyi ndi ina yobiriwira chaka chonse imajambulika bwino kuposa ya mtundu umodzi, chifukwa kufiira kumawala kwambiri kukatsamira pa kubiriwira kwakuda.

Kusankha tsiku ndi malo

Mitundu imayambira kozizira n'kumatsikira kofunda: kumtunda kwa mapiri isanafike m'zigwa, ndiponso, kumpoto kwa dziko lapansi, imayambira kumpoto n'kumapita kumwera. Kumapiri a Daisetsuzan ku Hokkaido, Japan, masamba amayamba kusintha chapakati pa Seputembala, pamene ku Kyoto amafika pachimake kuyambira pakati pa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Disembala. Ku Colorado, America, mitengo ya aspen imapsa chikasu m'theka lachiwiri la Seputembala. Kumpoto kwa Vermont, ku America komweko, ndi kumapeto kwa Seputembala ndi sabata yoyamba ya Okutobala. Kumwera kwa dziko lapansi kalendala imatembenuka: ku Arrowtown, New Zealand, ndi mu Epulo, ndipo ku Bright, Australia, ndi mu Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi.

Koma masiku amenewa ndi ongoyerekeza. Chaka china zimafulumira ndi sabata, chaka china zimachedwa. Chimene chimapulumutsa ulendo ndi phiri. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, choncho msewu umodzi wokwera phiri ukhoza kukuonetsani nyengo zitatu m'ola limodzi: pansi pobiriwira, pakati popsa, pamwamba poyoyoka. Kumapiri a Great Smoky ku America kusiyana kwa nsonga ndi zigwa kumatenga masabata angapo. Choncho musasankhe malo amodzi, sankhani msewu wokhala ndi chikweza. Mukapeza kuti mwachedwa, tsikani. Mukapeza kuti mwafulumira, kwerani. Kutatsala masiku awiri, onani malipoti a masamba amene maofesi a zokopa alendo ndi a nkhalango amaika pa intaneti, komanso makamera a m'misewu ndi a m'mapiri amene amaonetsa zinthu nthawi yomweyo. Zithunzi za pa Instagram musazikhulupirire msanga: zambiri n'zachaka chatha, ndipo mitundu yake ndi yothira mchere.

Tsiku la autumn ndi lalifupi. Kumadera ngati Vermont kapena kumpoto kwa Italy, pakati pa Okutobala dzuwa limakhala kunja maola pafupifupi 11, ndipo tsiku lililonse limafupika ndi mphindi zitatu. Ku Ulaya amabweza mawotchi ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, ku America Lamlungu loyamba la Novembala, ndipo amene waiwala zimenezi mdima umamudzidzimutsa ali pakati pa nkhalango. Konzani ulendo chobwerera m'mbuyo. Lembani nthawi yotuluka dzuwa, chotsani mphindi 40 kuti mufike kukadali mbuu, chotsani nthawi yoyenda wapansi kuchokera poimika galimoto, kenako ya pamsewu. Yotsalayo ndi nthawi yonyamuka panyumba. Ngati ulendo wopita ukupitirira maola awiri ndi theka, ndiye kuti mudzakhala m'galimoto maola oposa asanu, kupita ndi kubwera.

Malo akhale awiri, atatu mukachulutsa: amodzi a m'mawa, amodzi a madzulo, tawuni pakati kapena kumayambiriro. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Amene walemba malo asanu ndi awiri amafika paliponse dzuwa lili pamalo olakwika, n'kujambula mothamanga pazenera la galimoto.

Pali kanthu kena kamene mapulogalamu a nyengo sanena. Nthawi yotuluka dzuwa imene amalemba ndi ya pamalo athyathyathya. M'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri kuwala kumafika pansi patapita theka la ola kapena ola lathunthu, ndipo madzulo kumachoka msanga chimodzimodzi. Phiri loyang'ana kum'mawa lijambuleni m'mawa, loyang'ana kumadzulo madzulo. Mapulogalamu ngati PhotoPills ndi The Photographer's Ephemeris amajambula pamapu mzere wa kumene dzuwa lidzatulukire ndi kulowera tsiku limenelo, ndipo mphindi khumi zoonera zimenezi usiku wa dzulo lake zimaposa lenzi yatsopano. Mapu akopereni mufoni musananyamuke, chifukwa netiweki m'mapiri imasowa. Thirani mafuta okwanira: msewu wotchuka wa Kancamagus ku New Hampshire, America, wa makilomita pafupifupi 55 pakati pa Lincoln ndi Conway, ulibe pothirira mafuta paliponse. Malo ena amafuna kusungitsa malo pasadakhale, monga msewu wokwera phiri la Cadillac kumalo otetezedwa a Acadia National Park, ku America komweko, m'nyengo imeneyi.

Kuwala

Tsamba la autumn ndi lopyapyala, kuwala kumalipyoza. Mukaimirira dzuwa lili kumsana kwanu, monga ambiri anaphunzitsidwira, tsamba limaoneka lophwatalala ngati lopakidwa penti. Tembenukani. Dzuwa likhale kuseri kwa mtengo kapena chammbali, ndipo tsamba lililonse limayaka ngati nyali. Kuti lenzi isachite chizirezire, bisani dzuwalo kuseri kwa thunthu kapena nthambi, kapena tchingani ndi dzanja pamwamba pa lenzi. Mukalola kadzuwa kakang'ono kusuzumira m'mbali mwa thunthu pa f/16 (nambala ya f ikakula, bowo la lenzi lolowetsa kuwala limachepa), kamatuluka ngati nyenyezi ya nthambi zambiri. Chithunzi chabwino koposa chimabwera pamene mtengo wowala uli kutsogolo kwa phiri limene likadali mumthunzi: kumbuyo kwakuda, kutsogolo moto.

Tsiku la mitambo si tsiku lotayika. Kunena zoona, m'kati mwa nkhalango ndi labwino kuposa la dzuwa. Dzuwa likamalowa pakati pa nthambi limapanga mawanga owala kwambiri ndi mithunzi yakuda bii, ndipo kamera singagwire zonse ziwiri. Mitambo imafewetsa kuwala, mitundu n'kukhuta. Lamulo lake ndi limodzi: thambo lotuwalo musalilowetse m'chithunzi. Loserani kamera pansi pang'ono, kapena gwiritsani lenzi yokoka zakutali. Kamvula kakangokata, makungwa amada, miyala imada, masamba amanyezimira. Imeneyo ndi nthawi ya mitsinje ndi mathithi.

Chifunga ndiye mphatso ya nyengoyi, ndipo mukhoza kuchilosera. Chimabwera usiku ukakhala wopanda mitambo, wopanda mphepo, wozizira, makamaka ngati masana a dzulo lake kunali kofunda kapena kunagwa mvula. Mpweya wozizira umatsikira m'zigwa, ndipo madzi a m'nyanja ndi m'mitsinje, amene akadali ofunda, amafuka ngati nthunzi. Chimatha msanga, nthawi zambiri pasanathe ola limodzi kapena awiri dzuwa litatuluka. Kamera ikaona kuyera kwa chifunga imadetsa chithunzi chonse, choncho onjezani exposure, kuchuluka kwa kuwala kolowa m'chithunzi, ndi +0.7 kapena +1. Madzi a panyanja amakhalanso bata m'bandakucha, mphepo isanadzuke. Pofuna chithunzi cha mitengo yoonekera m'madzi, tsitsani kamera pafupi ndi madziwo.

Dzuwa likafika paliwombo, idyani, yendani, fufuzani malo a madzulo. Mwayi wake ndi wakuti m'nyengoyi dzuwa silikwera kwambiri ngati m'miyezi yotentha, ndiye ngakhale cha m'ma 3 koloko kuwala kumakhala kutayamba kale kupendekeka.

Kamera imanama pa zofiira

Ngati mungagule chinthu chimodzi chokha cha ulendowu, gulani polarizer, kagalasi kozungulira komangirira kutsogolo kwa lenzi. Tsamba lili ndi phula pamwamba pake limene limabweza kuwala kwa thambo, ndipo kunyezimirako kumaphimba mtundu weniweni. Mukamazungulitsa kagalasiko pang'onopang'ono muli kuyang'ana, mumaona kunyezimira kukuzima, mtundu n'kutuluka. Zimenezi simungazikonze pakompyuta. Kamagwira ntchito kwambiri dzuwa likakhala chammbali mwanu, ndipo pamasamba onyowa kamathandiza ngakhale kuli mitambo. Kali ndi zovuta zitatu. Kamadya kuwala stop imodzi mpaka ziwiri (stop iliyonse imachepetsa kuwala ndi theka), choncho shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, imachedwa kutseka ndipo chithunzi chikhoza kugwedera. Pa lenzi yotambalala, ya 24mm kutsika pansi, thambo limatuluka lamawangamawanga, mbali ina yakuda mbali ina yowala. Ndipo panyanja kamafufuta chithunzithunzi cha m'madzi chimene mwadzukira usiku. Pamenepo kabwezeni pang'ono, kapena kachotseni.

Chachiwiri ndi white balance, mmene kamera imakonzera mtundu wa kuwala. Mukaisiya pa auto, kamera ikaona chikasu ndi olenji zitadzaza paliponse imaganiza kuti ndi vuto la kuwala, n'kuthiramo buluu kuti ikonze. Zotsatira zake ndi masamba ozizira, otuwa. Ikani pa daylight, pafupifupi 5,200K mpaka 5,500K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), kapena pa cloudy, cha m'ma 6,000K, mukafuna kufunda pang'ono. Mukajambula mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, mukhoza kusintha pambuyo pake osawononga kanthu.

Chachitatu chimapusitsa ngakhale akatswiri. Chithunzi chimapangidwa ndi mitundu itatu, kufiira, kubiriwira ndi buluu, ndipo pamasamba ofiira owala kufiirako kumasefukira pamene mitundu inayo ikadali bwinobwino. Histogram wamba, galafu yoyera ya pakamera yoonetsa kuchuluka kwa zowala ndi zakuda, ikhoza kuonetsa kuti zonse zili bwino, koma mukakulitsa chithunzi mupeza tsamba lasanduka chigamba chofiira chopanda mitsempha. Tsegulani histogram ya RGB, yoonetsa mitundu itatuyo payokhapayokha, n'kuyang'ana yofiirayo. Ikagunda khoma la kumanja, chepetsani exposure ndi -0.3 kapena -0.7. Mithunzi mungaiwalitse kunyumba, koma kufiira kosefukira sikubwerera.

Zina zonse n'zachidule. Pa malo otambalala gwiritsani f/8 mpaka f/11. Mukapitirira f/16 chithunzi chimayamba kufewa. Kukakhala mphepo masamba amafuna shutter ya 1/250 ya sekondi kapena yofulumira kuposa apo, ndipo ndi bwino kukweza ISO, mphamvu ya kamera yokolera kuwala, kufika 800 kapena 1600 kusiyana ndi kubwerako ndi nthambi zogwedera. Pamathithi ikani kamera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, shutter pakati pa 1/4 ndi sekondi imodzi, ISO 100, ndipo gwiritsani timer ya masekondi awiri kuti chala chanu chisagwedeze. Mukapitirira masekondi angapo madzi amasanduka ufa woyera wopanda mizere. Padziwe pamene masamba akuzungulira pang'onopang'ono m'pamene pamafunika masekondi 5 mpaka 15, kuti ajambule mizere yozungulira. Kukakhala kowala pamafunika galasi la ND lochepetsa kuwala.

Pa malenzi, ambiri amathamangira yotambalala kuti phiri lonse lilowe. Limalowadi, koma laling'ono, ndipo theka la chithunzi limakhala thambo ndi msewu. Lenzi ya 70-200mm ndi imene imagwira ntchito yambiri m'nyengoyi. Imadula kachigawo ka phiri, mitengo isanu yachikasu pakati pa yobiriwira, denga limodzi pakati pa masamba, n'kuyandikizitsa zakutali ndi zapafupi.

Amene ali ndi foni yokha asadandaule, koma achite zinayi izi. Pukutani lenzi, chifukwa mafuta a chala ndi amene amapangitsa chizirezire mukayang'anizana ndi dzuwa. Dinani pamasamba owala n'kugwira mpaka exposure itakhazikika, kenako tsitsani pang'ono. Gwiritsani malenzi enieni a foniyo, 1x, 2x kapena 3x malinga ndi foni, osati kukulitsa ndi zala, kumene nthawi zambiri kumangodula chithunzi. Ndipo pali ma polarizer otsika mtengo opanira pafoni.

M'tawuni

Tawuni yaing'ono imajambulika bwino masitolo asanatsegule. Pofika 9 koloko Loweruka la pachimake, msewu waukulu umakhala utadzaza magalimoto ndipo palibe ngodya imene ingawabise. Pakati pa sabata n'kwabwino kuposa kumapeto kwake. Ngati m'mawa mwaupereka kunyanja, bwererani m'tawuni dzuwa litalowa: kwa mphindi 20 kapena 30 thambo limakhala labuluu wakuda, magetsi a m'mazenera atayaka, ndipo kuwala kuwiriko kumalingana.

Chithunzi cha tawuni yonse sichijambulidwa muli m'kati mwake. Fufuzani kamsewu kokwera, mlatho kapena tsidya la mtsinje kumene nsanja ya tchalitchi kapena madenga akuoneka atazunguliridwa ndi mitengo, n'kukoka ndi lenzi yaitali. Mukaima pafupi ndi nyumba n'kupendeketsa kamera m'mwamba, makoma amaoneka ngati akugwa chagada. Bwererani m'mbuyo, gwirani kamera mowongoka, pansi potsalapo mudzadula. Khoma loyera pafupi ndi mtengo wakuda limasefukira msanga, ndiye yezerani kuwala pakhomapo. Musanadine, yendetsani diso m'mbali zonse zinayi za chithunzi: mawaya a magetsi, mabini ndi zikwangwani zimabisala m'makona, ndipo kusuntha mapazi awiri kumazichotsa mosavuta kuposa ola la pakompyuta.

M'matawuni amenewa mumakhala anthu. Mu 2023 tawuni ya Pomfret ku Vermont inatseka msewu wa Cloudland kwa alendo kwa masabata angapo a autumn, chifukwa anthu ofuna chithunzi cha famu ina ankatseka msewu ndi magalimoto n'kumalowa m'malo a eni ake. Munda wopanda mpanda uli ndi mwini wake ndithu. Jambulani muli pamsewu, imikani galimoto pamalo ololedwa, ndipo munthu mukafuna kumujambula nkhope mupempheni. Drone, kandege kojambula kouluka kopanda munthu, ndi yoletsedwa m'ma national park (malo otetezedwa a dziko) onse a ku America kuyambira 2014, ndipo mayiko ena ali ndi malamulo awo amene muyenera kuwerenga musanaiulutse.

Zimene zimaononga tsiku

Kuzizira kumafooketsa batire. Nyamulani awiri, winayo m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi. Amene waoneka ngati watha nthawi zambiri amatsitsimuka akafunda. Mukachoka kozizira n'kulowa m'galimoto yofunda kapena m'lesitilanti, kamera imachita thukuta kunja ndi m'kati, chifukwa chinyezi cha mpweya wofunda chimagwera pagalasi lozizira. Musanalowe itsekereni m'chikwama chake kapena m'pulasitiki yotseka bwino, ndipo musatsegule kwa theka la ola kapena kuposa. Tengani kansalu kopukutira lenzi kawiri, chifukwa kamodzi kamanyowa msanga pafupi ndi mathithi.

Valani zovala zingapo zopyapyala zosanjikiza m'malo mwa chijasi chimodzi, popeza m'bandakucha kukhoza kukhala pafupi ndi 0 digiri, masana n'kufika 15 kapena 20. Masamba onyowa amaterera ngati sopo, pamwala ndi pamsewu pomwe, ndipo amabisa maenje ndi mizu. Okutobala ndi Novembala ndi nthawi imene agwape amakwerana, amadumpha msewu mosayang'ana, makamaka m'mawa ndi madzulo, nthawi yomwe wojambula amakhala pamsewu. Mukaona mmodzi chepetsani liwiro, ena ali pambuyo. M'nkhalango zambiri kunja kwa malo otetezedwa nyengoyi ndi ya alenje, choncho valani chinthu cha olenji wowala. Nkhupakupa zimakhalabe zamoyo m'masamba ogwa mpaka kutazizira kwenikweni; dzifufuzeni m'miyendo mukafika kunyumba. Tochi ya pamutu ikhale m'chikwama ngakhale mukuganiza kuti mubwerera kukuwala.

Pakompyuta, dzanja limayabwa kukoka saturation, chowonjezera mphamvu ya mitundu. Likanizeni. Kufiira kunali kale pafupi kusefukira, ndipo mukawonjezera masamba amalumikizana kukhala chiphala chimodzi, thambo n'kusanduka labuluu wa pulasitiki. Yambani ndi white balance, tsitsani zowala, kwezani mithunzi pang'ono. Mukafunabe mphamvu, gwiritsani vibrance pang'ono, imene imakweza makamaka mitundu yofooka, kapena lowani pogawa mitundu n'kutsitsa kuwala kwa olenji ndi chikasu, chifukwa mtundu ukadako pang'ono umaoneka wokhuta popanda kutaya mitsempha ya tsamba. Kubiriwira kotsala m'chithunzi musakusandutse olenji, ngakhale mapulogalamu amalola kutero ndi kudina kamodzi. Mukamaliza, tsekani kompyuta, mudzayang'anenso mawa m'mawa, ndipo ngati kufiira kukubaya m'maso bwezani theka la zimene munawonjezera.